Ku Iceland dzuwa la June sililowa, koma musasiye juzi

Mwezi wa June ukangofika, TikTok ndi Instagram zimadzaza ndi mavidiyo a dziko lomwe ambirife timalidziwira pa zikwangwani za chitukuko ku Mangochi. Mtsikana watchena diresi yofiira, waima kutsogolo kwa mathithi, kunja kuli ngwee, koma pansi pa vidiyo alembapo kuti nthawi ndi 11 koloko usiku. Wina akuthamanga m'maluwa apepo osaoneka polekezera. Wina wakhala pa mchenga wakuda bii ngati makala. Dzikolo ndi Iceland, ndipo zomwe mukuonazo ndi zenizeni, si za AI ayi. Chomwe vidiyo ya masekondi 15 siikuonetsani ndi chijekete chomwe mtsikanayo wasungitsa kwa wojambula, chomwe achivale mothamanga kamera ikangozima.

Ku Reykjavik, likulu la dzikolo, masana a June kutentha kumasewera pa madigiri 12 kapena 13, usiku n'kutsika kufika cha pa 7. Imeneyi ndi nyengo yomwe anthu a ku Dedza kapena ku Mzuzu amadzuka nayo m'mamawa wa June womwewu, n'kumakokera mbaula pafupi uku akudandaula kuti chaka chino kwazizira zedi. Kwa anzathuwo, chimenecho ndiye chilimwe. Kukafika madigiri 16 dzuwa lili poyera, anthu amadzaza m'mapaki atavala makabudula, ayisikilimu ali kumanja. Chiyambireni kuyeza nyengo m'dzikomo, kutentha kwakukulu kunali madigiri 30.5, pa 22 June 1939, pamalo otchedwa Teigarhorn. Munthu wa ku Nsanje atamva zimenezi akhoza kungoseka.

Nanga dzuwalo bwanji? Iceland ili kumpoto kwenikweni kwa dziko lapansi, pakati pa nyanja ya Atlantic, ndipo dziko lapansili limazungulira dzuwa litapendekeka. Mu June mbali yakumpoto imaweramira kudzuwa, yakummwera n'kuthawa. Chomwe chikutiveka majuzi kunoku ndi chomwecho chikuwalanda anzathuwo usiku. Pa 21 June ku Reykjavik dzuwa limalowa cha m'ma 12 koloko usiku n'kutulukanso 3 koloko isanakwane, ndipo pa maola atatu apakatiwo sikuda, kumangokhala kachisisira. Pa kachilumba ka Grímsey, kumpoto kwa dzikolo, pali masiku omwe sililowa n'komwe. Nyumba zogona alendo zimakhala ndi makatani okhuthala, apo ayi thupi silikhulupirira kuti nthawi yogona yakwana. Ngongole yake amadzabweza mu December, pomwe kumawala maola anayi okha basi.

Pomwepa tichotserepo bodza limodzi. Kuwala kobiriwira kovina kumwamba kuja, komwe ambiri mumaika ngati chithunzi chapafoni, mu June sikuoneka. Kumafuna mdima, ndipo mdimawo kulibe. Wokulonjezani dzuwa la pakati pausiku ndi kuwala kumeneko paulendo umodzi, ameneyo akufuna ndalama zanu.

Kuwala ndiye chinthu chokhacho chomwe June wa ku Iceland amalonjeza n'kukwaniritsa. Zina zonse zili m'manja mwa mphepo. Dzikoli lili pomwe madzi ofunda a m'nyanja, ochokera kutali cha ku Gulf of Mexico, amakumana ndi madzi komanso mpweya wozizira wochokera ku Greenland ndi kumpoto. Madzi ofundawo ndi omwe amachititsa kuti dzikoli likhalike, kupanda apo bwenzi lili louma gwa ndi chisanu. Koma kukumana kwa ziwirizi kumabala mphepo ndi mitambo yosinthasintha. Tsiku limodzi mukhoza kuona dzuwa, chiperoni, nkhungu, mphepo yokukankhani pamsewu, kenako dzuwa kachiwiri. Mvula yake nthawi zambiri siigwa kuchokera kumwamba monga tidazolowera, imabwera chammbali, moti ambulera ndi katundu wongolemetsa. Makampani obwereketsa galimoto amachenjeza alendo kuti azigwira chitseko ndi manja awiri potsika, chifukwa mphepo imachitembenuza n'kuchithyola.

Pa mapepala, May ndi June ndi miyezi ya mvula yochepa ku Reykjavik. Koma taonani zaka zapitazi. Mu June 2018 mzindawu udaona dzuwa lochepetsetsa m'zaka zoposa 100, mitambo ndi mvula yowaza tsiku ndi tsiku. Sabata yoyamba ya June 2024 kumpoto ndi kummawa kudagwa sinowo, nthambi yoona zanyengo n'kutulutsa machenjezo, misewu ya m'mapiri kutsekeka, alimi kuthamangira kukatsekera nkhosa zomwe zinali zitangoswa kumene. Chaka chotsatira zidatembenuka: pa 15 May 2025 ku Egilsstaðir kudatentha mpaka madigiri 26.6, zomwe zinali zisanachitikepo m'mwezi wa May m'dzikomo. Ndiye wina akakufunsani kuti kumayambiriro a chilimwe ku Iceland kumakhala bwanji, yankho lake n'kumufunsanso: chaka chiti, mbali iti, ola liti?

Eni dziko adazolowera mpaka kupanga nthabwala. Ali ndi liwu lakuti gluggaveður, kutanthauza nyengo yokoma kuionera pawindo koma yosayenera kutulukamo. Alinso ndi holide yotchedwa Sumardagurinn fyrsti, tsiku loyamba la chilimwe, yomwe imagwa Lachinayi loyamba pakadutsa pa 18 April, nthawi yomwe malo ena sinowo amakhala akadali mbwee. Amaguba m'misewu akunjenjemera, koma chilimwe adachilengeza basi.

Vuto ndi loti alendo ambiri nthabwalayi saidziwa, ndipo akubwera ochuluka. Iceland ndi yocheperako pang'ono kuyerekeza ndi Malawi, makilomita 103,000 mbali zonse, koma anthu ake sakwana 400,000, osafika ngakhale theka la anthu a mumzinda wa Lilongwe. Mu 2010 alendo akunja sadakwane 500,000. Pofika 2018 adali 2.3 miliyoni. Chidachitika n'chiyani? Mu 2008 mabanki akuluakulu a dzikolo adagwa, ndalama yawo ya króna n'kutsika mphamvu, dziko lodula lija n'kutchipako kwa akunja. Mu April 2010 phiri la Eyjafjallajökull lidaphulika, phulusa lake n'kuimitsa ndege ku Ulaya kwa masiku angapo, ndipo dziko lonse lidamva za Iceland ngakhale atolankhani ankaluma lilime potchula dzina la phirilo. Kenako kudabwera Instagram. M'zaka zochepa ntchito zokopa alendo zidapitirira nsomba pobweretsa ndalama zakunja. Dziko lomwe linkadya za m'nyanja lidayamba kudya za zithunzi.

Ambiri mwa alendowa amayenda njira imodzi, yomwe imatheka tsiku limodzi kuchokera ku Reykjavik. Amayambira ku Þingvellir, komwe nyumba ya malamulo ya Alþingi idayamba kukumana panja m'chaka cha 930, komwenso dzikolo lidalengeza kuti laima palokha, kuchoka pansi pa mfumu ya Denmark, pa 17 June 1944. Kuchoka apo amapita kukaona kasupe wa Strokkur, yemwe amalavula madzi owira m'mwamba mamita 15 mpaka 20 pakangopita mphindi zosakwana khumi, n'kutsirizira ku mathithi a Gullfoss. Malo onsewa ndi okongola, ali ndi tinjira, zingwe ndi zimbudzi, ndipo munthu womvera malangizo amabwerako bwinobwino.

Nkhani imasintha mukalowera kummwera, kugombe la mchenga wakuda lija. Dzina lake ndi Reynisfjara, pafupi ndi kamudzi ka Vík, mtunda wa makilomita pafupifupi 180 kuchokera ku likulu. Mchengawo ndi chiphalaphala cha mapiri ophulika chomwe nyanja idapera, ndipo pambali pake pali miyala yoima ngati mizati yosema. Aliyense amafuna chithunzi pamenepo. Ife ozolowera Senga Bay tikudziwa kuti mwera ukawomba nyanja imaoneka yokha kuti yakwiya, ndipo palibe amauza mnzake kuti atuluke. Ku Reynisfjara nyanja imanamiza. Kummwera kwa gombeli kulibe mtunda wotchinga kwa makilomita masauzande, ndiye mafunde amabwera atasonkhanitsa mphamvu, komanso pansi pa nyanja pamatsetsereka mwadzidzidzi pafupi ndi gombe. Mafunde khumi akhoza kufika pamalo amodzimodzi, mlendo n'kuganiza kuti malire awaona. Lotsatira limathamanga mamita ambiri kupitirira anzake, kumugwetsa, n'kumukokera m'madzi ozizira moti ngakhale katswiri wosambira manja amauma m'mphindi zochepa.

Izi zimachitika ngakhale kunja kuli dzuwa, mphepo kulibe. Mtsikana wina wa ku China adafera pamenepa mu November 2021. Bambo wina adafa mu June 2022, chilimwe chili pakati. Chaka chomwecho akuluakulu adaikapo magetsi ochenjeza, achikasu ndi ofiira, osonyeza pomwe munthu ayenera kulekezera. Mu August 2025 nyanja yomweyo idatenga mwana wa zaka 9 wa ku Germany. Pitani pa YouTube mukaone mavidiyo a gombeli: anthu apereka msana kunyanja, foni m'mwamba, funde likubwera kumbuyo, ojambula akuseka. Ena mwa mavidiyowa ali ndi anthu owaonera mamiliyoni, ndipo ife owonerafe tisadzichotsemo, chifukwa chala chathu ndi chomwe chimauza wotsatira kuti chithunzi choyandikira madzi ndiye chimayenda malonda.

Zikavuta, othamangira kukapulumutsa si asilikali, poti Iceland ilibe gulu lankhondo. Ndi anthu wamba a bungwe la Landsbjörg, aphunzitsi, amakaniko, alimi, omwe amasiya ntchito zawo foni ikalira ndipo salandira malipiro. Gawo lalikulu la ndalama zogulira zipangizo amalipeza pogulitsa makombola a zikondwerero za chaka chatsopano. Mlendo aliyense wonyalanyaza chenjezo la nyengo amakhala akuika pachiswe moyo wa munthu wina yemwe adasiya ana kunyumba.

June ali ndi msampha wina. Msewu waukulu wozungulira dzikolo, wa makilomita oposa 1,300, umakhala wotsegula, koma misewu ya pakati pa dziko, yomwe nambala zake zimayamba ndi F, imakhala yotseka mpaka sinowo atasungunuka ndipo matope atauma. Ina imatsegulidwa pakati pa June, ina mpaka July, ndipo tsiku lake silidziwika pasadakhale. Imafuna galimoto yamphamvu yokoka ndi mateyala onse anayi, ndipo malo ena mulibe milatho, mumawoloka mtsinje wa madzi osungunuka omwe amakwera dzuwa likatentha. Mlendo yemwe wasungitsa malo miyezi isanu ndi umodzi yapitayo, masiku ake ndi asanu okha, akapeza chikwangwani chotseka msewu mtima umamuuza kuti angolambalala. Kuyendetsa galimoto kunja kwa msewu ndi mlandu m'dzikomo, ndipo chindapusa chake n'chowawa.

Lamuloli lili ndi chifukwa. Chobiriwira chofewa chomwe chimakuta miyala ya chiphalaphala si udzu, ndi ndere zomwe zimakula pang'onopang'ono zedi m'nyengo yozizirayi. Teyala kapena nsapato ikazikanda, chipsera chimakhala zaka makumi angapo. Mu 2015 Justin Bieber adajambula vidiyo ya nyimbo ku chigwa cha Fjaðrárgljúfur, chomwe kale chinkadziwika ndi anthu ochepa. Otsatira ake adakhamukirako, aliyense kufuna kuponda pomwe adaponda iye, mpaka zomera za m'mphepete zidasanduka matope. Mu 2019 boma lidatseka malowo kwa kanthawi kuti apume. Vidiyo imodzi, ya mphindi zochepa.

Maluwa apepo aja nawo ali ndi nkhani yawo, ndipo kwa ine ndi yomwe imapatsa kuganiza kwambiri. Anthu atayamba kukhala ku Iceland cha m'ma 870, adadula mitengo yomangira ndi ya nkhuni, nkhosa n'kumadya mphukira, mpaka nkhalango zidatsala pang'ono kutheratu, mphepo n'kuyamba kuulutsa nthaka. Izi kwa Mmalawi si zachilendo. Mu 1945 mkulu woona zankhalango, Hákon Bjarnason, adabweretsa mbewu ya duwa la lupine kuchokera ku Alaska. Ndi la m'banja la nyemba, limabwezeretsa chonde m'nthaka ngati momwe amachitira nandolo, ndipo limamera ngakhale pamchenga. Ntchito lidagwira, nthaka idagwirana. Koma lidapitirira malire: limakula msanga, limaphimba tizomera ta m'dzikomo, ndipo lero lili m'gulu la zomera zolanda malo. Maboma ena aang'ono amalidula chaka ndi chaka, pomwe anthu ena amaliikira kumbuyo kuti bola maluwa kusiyana ndi chipululu. Mkanganowu ndi wotentha ndithu. Amene adaona namasupuni pa Shire akudziwa kuti naye duwa lake ndi lapepo, lokongola, koma funsani a magetsi ku Nkula. Mlendo akamajambula m'maluwawa mu June, nthawi yomwe amachanua, amakhala waima pakati pa mkangano wa eni dziko asakudziwa.

Mbalame ndi chifukwa china chomwe anthu amasankhira June. Yotchuka ndi puffin, eni ake amati lundi, yakuda kumsana, yoyera kumimba, mlomo wamitundumitundu ngati wa chinkhwe. Imakhala panyanja miyezi yonse yozizira, n'kubwera kumtunda cha mu April ndi May kudzaikira dzira limodzi lokha mu una womwe imakumba pamwamba pa maphedi. Mbalame zambiri zamtunduwu zimaswera ku Iceland, makamaka pa zilumba za Vestmannaeyjar. Koma chiwerengero chake chatsika kwambiri m'zaka za posachedwapa, ndipo akatswiri akuloza chala kutentha kwa nyanja komwe kwachepetsa tinsomba tomwe imadyetsa anapiye. Kuyambira 2015 ili pa mndandanda wa zamoyo zomwe zili pachiopsezo. Ku Látrabjarg, phedi lotalika mpaka mamita 440, alendo amauzidwa kuti azigona chafufumimba akafuna kusuzumira, chifukwa m'mphepetemo pansi ndi mauna okhaokha ndipo nthaka ikhoza kugumuka. Ku Dyrhólaey, moyandikana ndi gombe lakuda lija, nthawi yoswa amachepetsa maola olowera.

Pali inanso yotchedwa kría, yomwe simuisaka, imakupezani yokha. Mukayandikira chisa chake imakujomphani pamutu popanda kukambirana. Muikhululukire: mbalameyi imauluka chaka chilichonse kuchoka kumeneko mpaka kufupi ndi Antarctica n'kubwerera, ndipo zina zimadutsa m'mphepete mwa Africa. Yayenda ulendo wautali kuposa mlendo aliyense wotsika ndege.

Kumpoto kuli nyanja ya Mývatn, dzina lake kutanthauza nyanja ya tintchentche. Mu June timatuluka ngati utsi, monga nkhungu za pa nyanja yathu zimachitira cha ku Nkhata Bay, moti alendo amavala kaukonde kumutu. Tambiri sitiluma. Udzudzu ndiye kwa zaka zonsezi kunalibe, chinthu chomwe Mmalawi aliyense angachisirire, mpaka mu October 2025 pomwe atatu adapezeka ku Kjós, kumpoto kwa Reykjavik. Si mtundu wofalitsa malungo, koma nkhaniyi idamveka dziko lonse.

Madzi oundana nawo akutha. Vatnajökull, chimulu cha ayezi chomwe chimakuta pafupifupi magawo 8 pa 100 a dzikolo, chikubwerera m'mbuyo. Dziwe la Jökulsárlón, komwe alendo amakwera maboti pakati pa zibuluma za ayezi zoyandama, kunalibe zaka 100 zapitazo. Lidayamba m'ma 1930 ayezi atayamba kusungunuka ndipo likukulirakulira. China chaching'ono, Okjökull, katswiri Oddur Sigurðsson adalengeza mu 2014 kuti chafa, ndipo mu August 2019 anthu adakwera phirilo kukaika chikumbutso ngati pamanda. Apa pali chinthu chosakoma kuchinena: ndege zomwe zimabweretsa anthu mamiliyoni kudzaona ayezi asanathe zimatulutsa utsi womwe ukuthandiza kumusungunula. Dzikolo likudziwa, koma ndalamazo likuzifuna.

Pansi napo sipagona. Chigawo cha Reykjanes, komwe kuli bwalo la ndege la Keflavík, chidakhala chete zaka pafupifupi 800 mpaka March 2021 pomwe moto udatuluka ku Fagradalsfjall. Poyamba zinali zosangalatsa, anthu ankapita kukaotcha masoseji pa chiphalaphala. Pa 10 November 2023 tauni ya Grindavík, ya anthu oposa 3,500, idasamutsidwa usiku nthaka itang'ambika, ndipo mu January 2024 chiphalaphala chidatentha nyumba zingapo. Dziwe lotchuka la madzi ofunda la Blue Lagoon, lomwe lili pafupi, latsekedwapo kangapo chifukwa cha zomwezi. Moto womwewu ndi womwe umafunditsa nyumba pafupifupi 9 mwa 10 zilizonse m'dzikomo kudzera m'madzi otentha a pansi, ndiye eni ake sautukwana kwambiri.

Mwina mukuti, zonsezi zikutikhudza bwanji ife omwe ngakhale bandulo ya sabata timachita kuiwerengera? Kupitako ngati mlendo n'kodula, kumafuna viza ya Schengen, ndipo palibe ndege yochoka kuno molunjika. Komatu Amalawi amapitako. Ubale wa maiko awiriwa udayamba mu 1989 ndi ntchito za usodzi pa nyanja ya Malawi, Iceland ili ndi ofesi ya kazembe ku Lilongwe, idathandiza kumanga chipatala cha Monkey Bay, ndipo ikugwira ntchito ndi makhonsolo a Mangochi ndi Nkhotakota. Kudzera m'maphunziro a GRÓ, akatswiri achinyamata ochokera m'maiko ngati lathu amakakhalako miyezi ingapo kuphunzira za usodzi, kubwezeretsa nthaka, mphamvu ya moto wa pansi komanso za jenda. Ena mwa iwo June amawapezera komweko.

Ngati mwayi wotere utakugwerani, malangizo a eni dziko ndi osavuta. Valani zovala zosanjikiza, zoti muzivula ndi kuvala nyengo ikamasintha, pamwamba pake jekete losalowa madzi ndi mphepo. Jinzi ikanyowa siuma msanga ndipo imazizira koopsa. Juzi yawo yaubweya wa nkhosa, lopapeysa, ndi yodula koma imafunda ngakhale itanyowa. Musanatuluke m'mawa onani zanyengo pa vedur.is ndi machenjezo pa safetravel.is, ndipo nambala ya ngozi ndi 112. Pamsewu chenjerani ndi nkhosa, zomwe mu June amazimasula kuti zikadye kumapiri mpaka September. Mukaona mayi mbali ino, mwana mbali inayo, tsikani liwiro, chifukwa kamwanako kathamangira kwa make galimoto ili pafupi.

Kuyambira pa 22 June masiku amayamba kufupika, poyamba ndi masekondi, kenako ndi mphindi zingapo patsiku. Maluwa apepo aja amafota mu July. Pofika pakati pa August mdima umakhala wabwerera, ma puffin akuluakulu anyamuka kupita kunyanja, ndipo ku Vestmannaeyjar ana asukulu amayenda usiku ndi makatoni, kutola anapiye omwe asokonezeka ndi magetsi a m'tauni, kuti m'mawa akawaulutsire kunyanja.